ZA M'BANJA MWATHU: Mwana wamkazi ndi mphaka wa m'kompyuta



Mwezi wathawu mayi wina anatipeza ndi nkhope ya nkhawa. Mwana wawo wamkazi, wa zaka 12, akhala kwa azakhali ake ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu, chifukwa cha sukulu. Pobwera kumudzi pa tchuthi sanakambe za msika waukulu kapena za mabasi a ku depoti, monga achitira ana ena. Anangokamba za mphaka. Mphakayo si wa m'nyumba ayi, ngwa m'kompyuta. Tsono mwanayo anapempha kuti pobwerera ku Mzuzu amlole kupita Loweruka lililonse kwa mphunzitsi wina, amene asonkhanitsa ana ochepa nawaphunzitsa kupanga masewera pa makina amenewo. Atate ake anakana nati: "Ndinakutumiza ku tauni kukaphunzira, sindinakutumize kukasewera. Loweruka ndi tsiku lochapa ndi lothandiza azakhali ako." Ndipo mayiyo anatifunsa kuti: "Kodi abambo ake alakwa, kapena mwanayu ali kutinyenga?"

Sitinayankhe msanga, pakuti safunsa anadya phula. Tinayamba tapita Loweruka lina kukaona ndi maso athu, ndipo zimene tinaona tifuna kukufotokozerani nonse, popeza funso limeneli lidzafika m'nyumba zambiri.

Poyamba tinene kuti atate aja sali opusa. Tonse taona anyamata atakhala pa khonde la golosale kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mitu itawerama pa foni, zala zili kuvina, munda uli m'thengo. Ndalama ya sopo ithera ku mayunitsi, ndipo ena agwa m'juga ya mpira. Atate amene aopa zimenezi aopa chinthu chenicheni. Koma anyamata amenewo asewera masewera amene anapanga munthu wina wa kutali, amene iwo sadzamuona konse. Chimene mwana uja anapempha ndi china: iye afuna kukhala wopangayo. Wodya nsima ndi wophika nsima onse akhala pafupi ndi mphika, koma mmodzi yekha ndiye adziwa nthawi yothira ufa.

Kuti timvane bwino, tiyenera kudziwa khalidwe la kompyuta. Anthu ambiri ayesa kuti makina amenewa ali ndi nzeru zakuya. Kunena zoona, kompyuta ili ngati wantchito wamphamvu ndi waliwiro, wosatopa, koma wosatha kuganizira zimene bwana wake waiwala kunena. Mukatuma mwana kuti akatunge madzi, adziwa yekha kuti atenge ndowa, atseke chitseko, apewe ng'ombe za panjira. Kompyuta mukaituma chotero ingoima. Ifuna kuti muiuze kanthu kalikonse, kamodzikamodzi, ndi m'dongosolo lake. Mukasinthanitsa malamulo awiri, idzachita zosinthanazo mosafunsa. Mndandanda wa malamulo otere ndiwo utchedwa pulogalamu. Akatswiri alemba mapulogalamu m'zinenero zake za makina, monga Python ndi Java, m'mene kuiwala kachizindikiro kamodzi kuimitsa ntchito yonse. Kwa mwana amene sanazolowere nkomwe mabatani a zilembo, khomo limenelo nlopapatiza.

Chifukwa chake aphunzitsi ena a ku sukulu yaikulu ya MIT, pafupi ndi mzinda wa Boston ku America, motsogozedwa ndi Mitchel Resnick, anakonza chinenero cha ana chotchedwa Scratch, nachitulutsa m'chaka cha 2007. M'chinenero chimenechi mwana salemba malamulo: awapeza olembedwa kale pa tinjerwa ta mitundumitundu, tondandalikidwa kumanzere kwa galasi la kompyuta. Iye akoka kanjerwa kamodzi, nakalumikiza pansi pa kanzake, monga mmisiri asanja njerwa za khoma. Tinjerwato tili ndi mano ndi mipata, kotero kuti tosayenerana tikana kulumikizana. Ta buluu ndi ta kayendedwe, tofiirira ndi ta maonekedwe, tachikasu tinena nthawi yoyambira, tobiriwira ndi ta masamu. Kumanja kuli bwalo, ndipo pakati pa bwalolo paima mphaka uja, kudikira malamulo. Mwana akagunda kambendera kobiriwira, mphaka achita zonse zimene tinjerwa tanena. Scratch anamkonzera makamaka ana a zaka 8 mpaka 16; a zaka 5 mpaka 7 ali ndi mng'ono wake ScratchJr, amene anatuluka mu 2014. Scratch amene ana agwiritsa ntchito masiku ano ndi wachitatu, wa chaka cha 2019. Salipiritsa, ndipo akaikidwa kamodzi m'kompyuta agwira ntchito popanda intaneti.

Mwina mudzakondwa kumva kuti muzu wa nzeru imeneyi uli kuno kummwera kwa Africa. Mphunzitsi wa Resnick anali Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria mu 1928. Iyeyu pamodzi ndi anzake awiri, Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon, anakonza mu 1967 chinenero cha ana chotchedwa Logo, chimene chinatchuka chifukwa cha kamba wake: ana anali kumlamula kuti apite kutsogolo kapena atembenuke, ndipo poyenda anali kulemba mzere. Papert anali kukhulupirira kuti mwana aphunzira kwambiri pamene iye ali kuphunzitsa makina, kuposa pamene makina ali kumphunzitsa iye. Anamwalira mu 2016.

Tsono tibwerere ku Mzuzu. Tinapeza ana asanu ndi awiri atazungulira makompyuta awiri akale, m'chipinda chozizira monga mudziwira nyengo ya kumeneko. Mwana wathu uja anali atachotsa mphaka pa bwalo, najambula yekha dengu ndi peyala. Masewera ake anali otere: mapeyala agwa kuchokera mumtengo, ndipo wosewera ayendetsa dengu kumanja ndi kumanzere kuti awawakhe asanaphwanyike pansi. Nkhani yaing'ono ndithu. Koma tamvani zimene anayenera kuganiza kuti itheke.

Bwalo la Scratch lili ndi masitepe 480 m'litali ndi 360 m'mwamba. Pakati penipeni ndi pa ziro. Kumanja manambala akwera mpaka 240, kumanzere atsika mpaka -240. Kumwamba afika 180, pansi -180. Manambala a pansi pa ziro avutitsa ana ambiri ngakhale ku sekondale, koma mwanayu anawagwira ngati makasu a kwawo, chifukwa anali kuwafuna. Dengu analiuza kuti: batani loloza kumanja likadinidwa, sendera masitepe 10, la kumanzere likadinidwa, sendera masitepe -10. Peyala analiuza kuti liyambire pamwamba, pa 180, koma malo ake a m'litali asankhidwe mwa mayere pakati pa -240 ndi 240, kuti wosewera asadziwiretu kumene ligwere. Pambuyo pake anatenga kanjerwa kokhala ndi kamwa yaikulu, kolembedwa "forever", ndiko kunena kuti kosalekeza, naika m'kamwamo lamulo lakuti peyala litsike masitepe 5. Kanjerwa kameneka kabwereza zonse zimene kameza, osaima, mpaka masewera atatsekedwa. M'kamwa momwemo anaikanso kanjerwa ka "if", ndiko kuti ngati: ngati peyala lakhudza dengu, onjezera 1 pa chiwerengero cha zowakha. Chiwerengerocho chisungidwa m'kankhokwe kamene mwana apanga yekha nakapatsa dzina. Iye anakatcha "zanga".

Anagunda kambendera. Peyala linagwa, dengu linathamanga, naliwakha. Ha! Chiwerengero sichinanene 1, chinanena 14. Anzake anaseka, mmodzi nati kompyuta yapenga. Ife tinayang'ana mphunzitsi, kuyesa kuti akonza, koma iye anapinda manja nangoti: "Kompyuta siinalakwe. Yachita zimene waiuza. Werenga mokweza zimene waiuza." Mwanayo anawerenga tinjerwa take kamodzikamodzi, dzanja limodzi lili peyala, lina lili dengu. Anatsitsa dzanja pang'ono: lakhudza, onjezera 1. Anatsitsanso: likali kukhudza, onjezera 1. Pamenepo maso ake anatseguka. Anali ataiwala kuuza peyala kuti likawakhidwa libwerere mumtengo. Motero linapitirira kutsika kupyola m'dengu, ndipo kompyuta, imene ibwereza malamulo otere pafupifupi ka 30 pa sekondi imodzi, inaliwerenga ka 14 lisanatuluke kunsi. Anaonjezera kanjerwa kamodzi kokha, ndipo zonse zinalongosoka. Kuyambira pa kuseka kwa anzake mpaka pa kukonzako panapita mphindi ngati makumi awiri, ndipo m'mphindi zonsezo mwanayo sanalire, sanakwiye, sanapemphe kuti amchitire.

Pa zonse tinaona tsiku limenelo, mphindi makumi awiri zimenezo ndizo tinapita nazo kwathu mumtima. M'sukulu zathu, m'mene mphunzitsi mmodzi asamala ana ochuluka koposa, mwana wolakwa alandira mtanda wofiira m'kope mwake, ndipo nkhani ithera pomwepo. Aphunzira kuopa kulakwa ndi kubisa kope. Apa cholakwa sichinali chamanyazi: chinali ngati phazi la nyama pa dothi, limene mlenje alitsata mpaka aipeza. Mwana amene wazolowera kufunsa kuti "kodi ndalakwa pati, ndipo chifukwa ninji?" adzafunsa chomwecho mbewu ikakana m'munda, kapena ndalama za geni zikapanda kukwana, m'malo mothamangira kuloza chala mnansi.

Ndipo masamu analowa okha osaitanidwa. Mnyamata wina anadandaula kuti peyala lichedwa kugwa. Mwanayo anawerenga pa pepala: kuchokera pa 180 mpaka pa -180 ndi masitepe 360, kugawa ndi 5, ndi maulendo 72, pa maulendo 30 pa sekondi, ndiye masekondi awiri ndi pang'ono. Anasintha 5 kukhala 10, nthawi inadulidwa pakati, ndipo mnyamata wodandaulayo analephera kuwakha ngakhale atatu. Mawu a pa tinjerwa ana athu awapeza m'Chingerezi, ngakhale atha kusinthidwa kukhala a Chiswahili kapena a Chizulu. Ena ayesa kuti chimenechi ndi chopinga. Ife tinaona kuti mawuwo ndi ochepa ndi obwerezabwereza, ndipo ana anali kukambirana m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, nagwira mawu a Chingerezi aja msanga, popeza mawu aliwonse anali kuchita kanthu kooneka ndi maso.

Pobwerera tinacheza ndi atate ake a mwanayo. Tinawapeza pansi pa mtengo ali pa bawo, pakuti pa masewera amenewo ndi katswiri wa mudzi wonse. Tinawafunsa kuti atiphunzitse malamulo ake monga kwa mlendo. Iwo anati: "Mizere ndi 4, uliwonse maenje 8, onse pamodzi 32, ndipo timiyala ndi 64. Ukatola timiyala, ufesa kamodzi m'dzenje lililonse mpaka m'manja mutatha. Ngati kotsiriza kagwera m'dzenje lopanda kanthu, ulendo wako watha. Ngati muli tina, upitirira, kapena kudya ta mnzako kapena kutola ndi kufesanso." Tinawauza kuti: "Bambo, mwatchula tinjerwa tonse ta mwana wanu. Kufesa mpaka m'manja mutatha ndiko kubwereza. Ngati chakuti, chita chakuti, ndiko kanjerwa ka ngati. Ndipo dzenje lililonse ndi kankhokwe kosunga chiwerengero. Pamene inu muwerenga mumtima maulendo atatu a kutsogolo musanagwire kamwala, muli kuchita zimene iye anachita ndi manja ake awiri." Anaseka nati ife ndife ochenjera pakamwa. Koma anakhala chete pang'ono, nafunsa ngati kompyuta ingathe kuphunzitsidwa bawo. Ingathe ndithu, koma woiphunzitsayo ayenera kuyamba wafunsa nkhalamba malamulo onse, osasiyako limodzi.

Tidziwa kuti ambiri a inu mudzati: "Zimenezo nza a m'tauni, kuno kompyuta tiitenga kuti, ndipo magetsi ali kuti?" Mwanena zoona. Kalembera wa 2018, amene anapeza anthu 221,272 mu Mzuzu, anapezanso kuti m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha pa mabanja 100 ndiwo anali kuunikira nyumba ndi magetsi. M'chaka cha 2023 boma linayamba kufikitsa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'sukulu za pulayimale, pa ntchito yotchedwa BEFIT, koma amenewo ndi ophunzitsa kuwerenga ndi masamu kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Sindiwo a tinjerwa tathu. Komabe chiyambi cha luso limeneli sichifuna waya. Papert yemwe uja anali kuuza ana kuti, kamba akasokera, aimirire iwo eni nayende njira ya kambayo ndi mapazi awo. Ndipo aphunzitsi a ku yunivesite ya Canterbury ku New Zealand, motsogozedwa ndi Tim Bell, anasonkhanitsa masewera ambiri ophunzitsa nzeru za kompyuta popanda kompyuta.

Yesani izi madzulo ano pabwalo. Mwana mmodzi akhale kamba, amange nsalu kumaso. Mnzake akhale wolamula, koma aloledwa mawu atatu okha: "pita kutsogolo mapazi akuti", "tembenukira kumanja", "tembenukira kumanzere". Ikani chitsononkho patali, ndi mtondo pakati monga chopinga. Poyamba wolamula anene lamulo limodzilimodzi. Akazolowera, mumletse kulankhula: alembe malamulo onse pa dothi kamba asananyamuke, ndipo wachitatu awawerenge monga alembedwera, osakonza kanthu. Kamba akagunda mtondo, asakalipidwe. Wolemba afune pamene walakwa. Pambuyo pake muwafunse kuti kamba ayende mozungulira, mbali zinayi zofanana, nabwerere pamene anayambira. Adzalemba malamulo 8. Tsono afunseni ngati angathe kuwafupikitsa. Tsiku limene mwana adzati "bwereza kanayi: mapazi 5, tembenukira kumanja", dziwani kuti watulukira yekha kanjerwa kamene ana a ku Mzuzu akoka pa galasi.

Tisakunamizeni kuti mwana wodziwa Scratch wapeza kale ntchito. Iyayi. Palibe kampani ilemba munthu chifukwa cha dengu la mapeyala, ndipo ambiri mwa ana asanu ndi awiri aja adzakhala alimi, anamwino, amisiri, monga ana ena onse. Tinjerwa ndi khwerero loyamba chabe. Koma si khwerero lonyozeka: ngakhale ku yunivesite ya Harvard, maphunziro otchuka otchedwa CS50 ayamba ndi Scratch yemweyo, asanalowe m'zinenero zolemba. Kwa mwana amene mtima wake udzakhazikika pamenepo, njira ilipo ndipo siili kutsidya la nyanja. Ku sekondale kuli phunziro la kompyuta limene lilembedwa pa mayeso a MSCE. Ku Luwinga kuli Mzuzu University, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 nilandira ophunzira oyamba mu 1999, ndipo iphunzitsa za makompyuta. Mu mzinda momwemo munayambika Mzuzu E-Hub mu 2017, yothandiza achinyamata pa luso la makompyuta ndi la malonda.

Ndipo popeza wopempha uja ndi mwana wamkazi, tionjeze mawu awa. Tikayika ngati atate ake akadatchula za kuchapa akadakhala mnyamata. Mzuzu E-Hub anaiyambitsa ndi mayi, Wangiwe Kambuzi. Ku Lilongwe mHub, kumene ana ambiri anayambira kupanga mapulogalamu, anaiyambitsa ndi mayinso, Rachel Sibande. Ngakhale kale lomwe, mu 1843, munthu amene ambiri amutcha woyamba kulemba pulogalamu ya makina owerengera anali mkazi wa ku England, Ada Lovelace. Zovala zingathe kuchapidwa m'mamawa, ndipo mlongo wake wamwamuna ali ndi manja awiri.

Kwa makolo amene ana awo apempha zotere, uphungu wathu ndi uwu. Musagulitse mbuzi kuti mugule foni chifukwa mwana wati afuna kuphunzira. Galasi la foni nlaling'ono kwa tinjerwa, ndipo foni ikalowa m'thumba la mwana ilowa ndi zambiri zimene simunaitane. Kompyuta imodzi yakale ya ku sukulu kapena ya mphunzitsi ikwanira ana atatu kapena anayi, ndipo tinaona kuti awiri okhala pamodzi aphunzira msanga kuposa wokhala yekha, popeza atsutsana. Mudziwe mphunzitsiyo ndi malo ake, mwana apite ndi mnzake ndi kubwera dzuwa likalipo. Koposa zonse, mufunse funso limodzi mwana akabwera: "Lero wapanga chiyani?" Wongosewera adzakuuzani kuti wapambana kangati. Wopanga adzakuuzani chimene chinakana, ndi m'mene anachigonjetsera, ndipo adzatha kukulemberani malamulo ake pa pepala ngakhale inu simunaonepo kompyuta. Ngati papita mwezi wathunthu iye alibe chokuonetsani, mumletse ndi mtima woyera.

Atate aja anavomera, koma anaika malamulo awo awiri: zochapa zithe isanakwane 9 koloko, ndipo pa tchuthi chikudzachi mwanayo abwere ndi kope m'mene walemba malamulo onse a bawo, m'dongosolo lakuti ngakhale makina opanda nzeru angawatsate. Tamva kwa azakhali ake kuti tsopano waonjezera pusi wakuba mapeyala m'masewera ake, koma pusiyo akafika kumphepete kwa bwalo atembenuka chadodolido, miyendo m'mwamba, ndipo mwanayo sanapezebe chifukwa chake. Ife tichidziwa, pakuti mphunzitsi anatinong'oneza, koma anatipempha kuti tisamuuze.

Mwezi wa mawa tidzakamba za kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe ndi m'matumba. Tsalani bwino nonse.